Mmene Fayilo Nambala 41 Inandigulitsira

Ndiyambe ndanena kuti ine sindinaname. Amene akufalitsa kutchalitchi kwathu kuti ndinagwidwa bodza abwere ndi pepala. Chimene chinachitika n'chakuti ndinasunga chinthu chimene munthu wina aliyense akadataya, ndipo chinthucho chinandiyalutsa masanasana, pamaso pa mkazi wanga, ana anga aakazi awiri, mkamwini mmodzi ndi adzukulu awiri. (Mkamwini winayo anali atapita kumaliro ku Zingwangwa, koma pofika madzulo anali atamva zonse, ndi zowonjezera zomwe.)

Ndinagwira ukalaliki ku Limbe zaka 34, pakampani ina yosunga katundu, ndipo chimene ndinaphunzira kumeneko ndi chimodzi: pakamwa pamatembenuka, pepala silitembenuka. Bambo anga anachoka ku Milanje, kutsidya la Mozambique, wapansi, kudzathyola tiyi ku Thyolo, ndipo kapepala kamene anawapatsa paesiteti ndili nako. Ndiyo fayilo nambala 1. Kuchokera pamenepo mafayilo anafika 52. Kunyumba kwathu ku Kanjedza, chipinda chimene ena akadagonekamo alendo ndi cha mapepala. Alendo amagona pabalaza, ndipo palibe anafapo.

Mwana wanga wamkulu, Esinati, amakhala ku Mandala, m'nyumba ya mpanda wanjerwa. Mwamuna wake amagwira ntchito kubanki. Ali ndi mwana mmodzi, mnyamata wa zaka 16 amene anamutcha Jedeni. (Ndinapereka mayina atatu a m'Baibulo, olembedwa bwinobwino. Sanandiyankhe. Kope lake lili m'fayilo 19.) Mng'ono wake, Rozina, amasoka zovala pakhonde ku Manja, ndipo mwamuna wake amawotcherera zitsulo. Mwana wawo woyamba ndi Tadala, wa zaka 15, mtsikana wosalankhulalankhula koma wa maso oona zonse.

Nkhani inayamba Tadala atalowa fomu 3. Sukulu yake ili kufupi ndi ku Mandala, ndipo kuchokera ku Manja ankayenda wapansi ola lathunthu ndi kanthu, kupita ndi kubwera chimodzimodzi. Esinati anapempha kuti mwanayo azikhala kwawo masiku a sukulu, Loweruka azipita kwa amake. Rozina anavomera. Tadala anali atalongedza kale mumtima. Koma atsibweni ake, mwana wanga wamwamuna, amene mwamwambo ndiye mwini mbumba, ali ku Joni ndipo foni yake siipezeka, choncho mawu omaliza anagwera ine.

Ndinakana.

"Mwana ameneyu ali ndi thanzi chifukwa ndi wa ku Manja," ndinatero. "Amayenda, amatunga madzi, amadya zakumunda. Mukamutengera kumpanda, miyezi itatu siitha, adzakhala atafufuma ngati mandasi. Chuma chimadya ana."

"Ababa, zimenezo mwaziona kuti?" anafunsa Esinati.

Funso limenelo linandibaya. Munthu amene ndinamulipirira sukulu akundifunsa ine umboni! Ndinawauza kuti andipatse masabata awiri. Ndiyendera nyumba zonse ziwiri, ndiona mmene anawa amadyera, mmene amagonera ndi mmene amayendera, ndipo ndilemba lipoti. Mkazi wanga, amake Esinati, anangopukusa mutu.

"Inu a kalaliki, penshoni yakusowetsani chochita."

Ndiyenera kutchula pano, chifukwa zibweranso kutsogoloku, kuti zaka ziwiri zapitazo adokotala anandipeza ndi BP. Kuyambira tsiku lomwelo amake Esinati anachotsa mchere ndi mafuta m'nyumba mwathu. Osati m'mbale yanga yokha ayi, m'nyumba monse. Anati sangamanyambite milomo mwamuna wawo akuyang'ana. Masamba owiritsa, nyemba zowiritsa, nsomba yowiritsa mpaka yokha kuiwala kuti inali nsomba. Kwa amayi anzawo kutchalitchi ankanyadira kuti amuna ena amavuta, koma wawo ndi womvera. Ndipo Lachisanu lililonse ndinkapita kulaibulale ya m'tauni kukawerenga nyuzi. Zimenezo n'zoona. Ndinkapitadi. Kumene ndinkadzera pobwerera palibe anandifunsapo.

Sabata yoyamba ndinayamba ndi ku Mandala. Ndinkafika sikisi koloko m'mawa, nditavala suti ndi tayi, kope lofiira lili m'manja. Zimene ndinaona kumeneko! Mnyamatayo amadzutsidwa katatu, ndipo akadzuka foni ili kale m'manja ngati anabadwa nayo. Kadzutsa wake amachoka m'katoni, tinthu touma totsekemera kale, iye n'kuthiranso shuga masupuni atatu. (Ndinawerenga. Lachitatu anathira anayi.) M'filiji muli zakumwa zotsekemera za mitundu isanu. Sukulu yake ili pamtunda woti munthu wa msinkhu wanga angayende mphindi khumi, koma amapita pagalimoto, ndipo galimotoyo imatha mphindi makumi awiri pamzere.

"Bwanji osayenda wapansi?" ndinamufunsa.

"Agogo, anzanga angaganize kuti adadi achotsedwa ntchito."

Ndinalemba, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri.

Kunena zoona, ndinaonanso zina. Mnyamatayo amatsuka mano m'mawa ndi madzulo popanda womukumbutsa. Amayenda ndi botolo la madzi ndipo amamwadi. Masiku atatu pasabata amasewera mpira wa basiketi mpaka malaya kunyowa. Zimenezi ndinazilemba ndi pensulo, kumasamba akumbuyo kwa kope, chifukwa sizinkagwirizana ndi mutu wa lipoti.

Lachinayi masana ndinapeza pakhonde lakuseri makina ena aatali, a lamba wakuda pansi, atapachikidwapo mataulo. Jedeni anati ndi othamangirapo uli pamodzimodzi, bambo ake anagula chaka chatha, anawagwiritsa ntchito kawiri. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kugula msewu! Msewu uli panja waulere, boma linapaka kale phula, munthu n'kukagula wake wa mayadi awiri woti sufika kulikonse!

"Yatsa," ndinatero. "Ndikuonetse mmene ankayendera anthu amene anabadwira ku Thyolo."

"Agogo, vulani kaye jekete. Ndipo batani ili musali..."

"Ine ndayendetsapo makina olembera a zilembo zachitsulo iwe usanaganiziridwe n'komwe."

Poyamba zinayenda bwino. Ndinkayenda ngati ndikupita kukalandira penshoni, kope lili kukhwapa. Kenaka ndinaona kuti akuchedwa, ndinadina batani lija. Ndinadinanso, chifukwa munthu wochita zinthu mwadongosolo amatsimikiza. Lamba uja anayamba kuthawa. Ndinathamanga. Tayi inakwera paphewa. Ndinafuna kuzimitsa, ndinadinanso lomwe lija. Chimene ndikukumbukira pambuyo pake n'chakuti ndinali nditakhala m'kati mwa maluwa a Esinati, nsapato imodzi ili paudzu, ndipo galu wawo, amene amadya bwino kuposa aphunzitsi ena, akundinunkhiza kukhutu. Jedeni anandidzutsa ndi dzanja limodzi, ngati akunyamula mtolo wa bonongwe.

"Mwapweteka, agogo?"

"Ndimayesa mabuleki," ndinayankha. M'lipoti ndinalemba kuti m'nyumbayi muli zida zoopsa kwa ana.

Sabata yachiwiri inali ya ku Manja, ndipo ndinapita ndili ndi chimwemwe cha munthu amene akudziwa kale yankho. Lachiwiri ndinakwera minibasi yoyamba, ndinafika kukungoyera. Ndinapeza Tadala atatunga kale zidebe zinayi kumpopi, atasesa, atasambitsa mng'ono wake, ali mu yunifolomu. Ndinalemba ndi inki, zilembo zikuluzikulu: THANZI.

"Wadya chiyani?" ndinafunsa tikutuluka.

"Ndikadya kubuleki, agogo. Tiyeni, tichedwa."

Tinauyamba ulendo. Ine ndinali nditakonza mawu oti ndizimuphunzitsa m'njira, za ubwino woyenda wapansi, koma pofika ku Chitawira mawu onse anali atasanduka mpweya. Mwanayo amayenda ngati akuthamangitsidwa. Anatenga chikwama changa n'kuchiphatikiza ndi chake. Pachitunda china anaima n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale, ndipo anachimanga mpaka ine nditapuma mokwanira. Ulemu wotere sugulidwa kusitolo.

Nthawi ya buleki ndinaima kumpanda wa sukulu, kumene amayi amagulitsa tinthu. Ndinkayembekeza kuona mwana wa ku Manja akutulutsa mbatata yophika. Anagula zigege ziwiri zonyezimira mafuta, ndi frizesi wofiira amene anamusiya lilime ngati la nyalugwe. Chimenecho ndicho chinali kadzutsa, ndipo chinalinso nkhomaliro. Ankatafunira mbali imodzi, mutu atapendeketsa.

"Mbali inayo yatani?"

"Dzino, agogo. Koma musawauze amayi. Mwezi uno makina osokera anawonongeka."

"Nanga madzi akumwa ali kuti?"

"Zimbudzi zapasukulu pano mutaziona, agogo, nanunso simungamwe madzi mpaka kufika kunyumba."

Mnzake wina anawonjezera, mosafunsidwa, kuti Tadala amagona nthawi ya masamu, ndipo aphunzitsi anasiya kumudzutsa chifukwa amakhozabe. Zonsezi ndinazilemba ndi pensulo, kumbuyo kuja. Mtima unandiwawa, sindikana. Koma ndinali nditalemba kale THANZI ndi inki, ndipo inki siifufutika.

Tsoka linandipeza pobwerera. Njira ya Tadala imadutsa pa Kamba, pamene pali ziwaya za tchipisi ndi nyama. Ndinamuuza kuti tiwoloke msewu, mbali inayo kuli mthunzi. Kunalibe mthunzi. Tisanawoloke ndinamva mawu amene ndimawadziwa bwino, a a Zuze, bambo wa ku Nsanje wa chiwaya chachitatu kuchokera kumsewu, amene akamanong'ona amamveka ku Naperi.

"Madala! Madala a tayi! Lero Lachiwiri, mwasokoneza kalendala?"

Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo.

"Ameneyu ndi mdzukulu? Iwe mwana, agogo akowa ndiye bwana wa chiwaya chino! Amafuna yamafuta, yapamphepete, mchere kawiri!"

"Pepani bambo, mwandifanizira ndi wina," ndinatero mwaulemu wonse.

"Aaa, madala, nthabwala! Pepala lanu la Lachisanu ndakusungirani kale, la nkhani yaitali, mmene mumakondera!"

Tinayenda mpaka ku Chitawira. Kenaka Tadala anati, akuyang'ana kutsogolo:

"Anthu amafananadi, agogo."

"Amafanana kwambiri."

"Mpaka tayi."

Ndinadikira. Ndinkadziwa chimene chikubwera, chifukwa ine ndikadakhala iye ndikadachita chomwecho: agogo, ndiloleni ndipite ku Mandala, ine sindinaone kanthu. Mlandu unali m'manja mwake. Koma mwanayo sananenenso china. Anandifunsa ngati bondo likupweteka, basi.

Tsopano ndifotokoze, popeza tafika pamenepa. Inde, Lachisanu lililonse ndikachoka kulaibulale ndinkadzera pa Kamba. Munthu wadya nsomba yowiritsa masiku asanu ndi limodzi, mumuweruze ndinu. Ndinkapukuta pakamwa, ndinkatafuna tsamba la bulugamu, ndinkafika kunyumba n'kudya masamba anga mofatsa. Umboni kunalibe, kupatula chinthu chimodzi. Chiletsereni majumbo opyapyala, a Zuze amakulunga tchipisi m'mapepala a nyuzi zakale. Munthu ukudya, maso amagwera pankhani, ndipo nkhaniyo imathera pakati chifukwa pepala ndi long'amba. Ine kutaya pepala la nkhani imene sindinamalize? Ndinkalipinda, kuika m'thumba la jekete, ndipo ndikafika kunyumba ndinkachita monga tinkachitira ku Limbe ndi pepala lililonse lolowa: kulemba kuseri kwake tsiku, kumene lachokera, ndi katundu amene labwera naye. Kenaka m'fayilo 41, ya mutu wakuti Nkhani Zosamaliza Kuwerenga. Kwa ine imeneyo inali fayilo ya nkhani. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti ndi fayilo ya tchipisi.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi banja lonse linasonkhana pabalaza ku Kanjedza. Ndinaimirira, ndinavala magalasi, ndinawerenga lipoti la masamba khumi ndi awiri. Masupuni a shuga. Galimoto ya mphindi makumi awiri. Zida zoopsa. Za pensulo sindinawerenge. Ndinamaliza ndi chigamulo: Tadala akhale ku Manja, kumene kuli thanzi. Ndinaona mwanayo akuwerama, akupinda ngodya ya siketi yake, ndipo ndinayang'ana kumbali msanga.

Apa mkamwini wanga wa kubanki anakonza kukhosi. Ndi munthu waulemu, amalankhula ngati akukukaniza ngongole mokoma.

"Bambo, tamva ndithu. Koma zoti zokazingakazinga ndi zotsekemera zimawononga ana a kumpanda okha, ndi maganizo anu, kapena zinalembedwa penapake?"

Magazi anandithamanga, BP kapena ayi. Ine kulankhula chopanda pepala? Nthawi yomweyo ndinakumbukira kuti ndinawerengapo nkhani ina ya nyuzi yochenjeza za zakudya zamafuta kwa achinyamata, ndipo ndinadziwa pamene ili, chifukwa ine ndimadziwa pamene pepala lililonse lili.

"Jedeni! Kuchipinda cha mapepala, shelefu yachiwiri, fayilo 41."

Tadala, amene amasesa chipinda cha mapepalacho akabwera kudzacheza, anatsokomola. Anatsokomolanso.

"Agogo," anatero, "si 14?"

"Ndati 41."

"Ndimayesa za zaumoyo zili mu 14, agogo. Ndikatenge ine."

"Mwana iwe, mafayilo anga ukuwadziwa kuposa ine? Jedeni, 41!"

Mwana amene ndinali nditangomukaniza kumene chimene ankachifunitsitsa anayesa kawiri kundipulumutsa. Ndimati ndikakumbukira zimenezi ndimavula magalasi.

Jedeni anatulukira atanyamula fayiloyo ndi zala ziwiri. Mphaka wathu, amene sadzuka ngakhale kugwe chivomezi, anadzuka pakhonde n'kumutsatira, mchira uli m'mwamba. Chikuto cha fayilo, chimene ndinagula chili chotuwa, chinali chitasanduka cha khofi, chonyezimira. Pabalaza panamveka kafungo kena kodziwika. Ine, m'kupsa mtima kwanga, sindinamve kanthu. Ndinatsegula, ndinapeza pepala lija, ndinayamba kuwerenga mokweza ndithu, chala chili m'mwamba. Ndinali ndisanamalize mzere wachitatu pamene amake Esinati anatambasula dzanja.

"Tabwera nalo kuno."

Analinunkhiza. Analikweza molunjika zenera.

"Abambo a Jedeni, ndikukuonani kudzera m'pepalali. Mwavala malaya a buluu."

Kenaka analitembenuza. Pamenepo m'pamene nzeru zinandibwerera, zonse pakamodzi, ngati magetsi akabwera usanazimitse wailesi. Zolemba zanga n'zooneka bwino, aliyense amandiyamikira. Mkazi wanga anawerenga pang'onopang'ono, ngati akuwerenga mawu a Mulungu paguwa.

"Lachisanu. Pa Kamba, kwa a Zuze. Labwera ndi tchipisi ndi chiwindi. Tsabola anachepa."



Anatenga fayilo yonse n'kuiika pamiyendo. Ananyowetsa chala, ngakhale kuti panalibe chifukwa, mapepalawo ankatereka okha.

"Lachisanu. Tchipisi ndi nthiti za mbuzi. Zabwino kwambiri." Anatsegula lina. "Lachisanu Loyera. Nyama sindinadye. Tchipisi chokha, kawiri."

Esinati anagwira pakamwa. Rozina anayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

"Amake Esinati, fayilo imeneyo ndi ya nkhani za..."

"Khalani pansi, a kalaliki, sindinamalize. Ili ndi la tsiku lija tinapitira limodzi kuchipatala, inu n'kunena kuti nditsogole mukadzera kulaibulale. Tamverani nonse. Dokotala wati ndikuchita bwino. Nkhumba."

Apa mkamwini wanga, munthu wa kubanki, wa ulemu wake, anatuluka panja mothamanga, ndipo tinamumva akulira ndi phwete kuseri kwa thanki ya madzi. Jedeni anagona pansi penipeni. Mphaka anali atakwera pampando, akunyambita ngodya ya fayilo.

Mkazi wanga yekha sanaseke. Anatseka fayilo, anaika manja pamwamba pake.

"Zaka ziwiri," anatero. "Zaka ziwiri ndikudya masamba owiritsa ngati mbuzi yodwala. Kuukwati wa mwana wa achemwali anga ndinakana nkhuku yokazinga, anthu akuona, ndinati sindingadye chimene mwamuna wanga sadya. Ine BP ndilibe, bambo inu. Mchere ndinausiyira inu."

 Ndinati pepani. Linatuluka laling'ono, ngati la mwana wa sitandade 1.

Amene anandithandiza, mosadziwa, ndi Jedeni. Ali pansi pomwepo anatola kope langa lofiira, limene linali litagwa, n'kulitsegula chakumbuyo.

"Agogo, za pensulozi bwanji simunawerenge? Pali dzina langa. Akuti ndimatsuka mano!"

"Werenga zonse," anatero agogo ake aakazi. "Lero ndi tsiku la mapepala."

Anawerenga zake monyadira. Kenaka anafika pa za Tadala, ndipo mawu anayamba kutsika: kuchoka m'mawa osadya, zigege ziwiri tsiku lonse, osamwa madzi, kugona m'kalasi, dzino. Kuseka kunatha. Rozina anatembenukira mwana wake.

"Dzino liti? Tatsegula pakamwa. Iwe Tadala, chiyambire liti?"

"Chiyambire teremu yatha, amayi. Munali ndi zambiri."

Rozina anamukokera pachifuwa, akumukalipira ndi kumusisita nthawi imodzi. Esinati anali akufufuza kale nambala ya dokotala wa mano pafoni. Ine ndinakhala pamenepo ndi lipoti langa la masamba khumi ndi awiri, ndikuona kuti zoona zonse ndinali nditazilemba ndithu, koma ndinaziika kumbuyo, ndi pensulo. Mwana wa kumpanda amadya zoipa chifukwa zadzaza m'filiji. Mwana wa ku Manja amadya zoipa chifukwa ndi zimene ndalama ya m'manja mwake ingagule pampanda wa sukulu. Ndipo nkhalamba ya ku Kanjedza imadya zoipa chifukwa ndi yosamva.

Ndinapempha pepala loyera. (Esinati anati, "Loyera ndithu, ababa, lopanda mafuta," ndipo kuseka kunayambiranso.) Ndinalemba chigamulo chatsopano, ndi inki. Tadala apite ku Mandala mawa lomwe. Dzino likaonedwe sabata yomweyo. Asatuluke m'nyumba osadya, ndipo apatsidwe botolo la madzi ngati la mbale wake. Awiriwo aziyenda wapansi popita kusukulu, ndipo anzake a Jedeni akafunsa, awauze kuti bambo ake ntchito ilipo, afunse kubanki. Shuga supuni imodzi. Loweruka lina lililonse Jedeni aziperekeza Tadala ku Manja, akaphunzire kulemera kwa chidebe.

Tadala sanalumphe, si khalidwe lake. Anangobwera n'kugwada pafupi ndi mpando wanga, n'kunena chapansipansi, "Zikomo agogo. Koma ndinakuuzani kuti 14."

"Onjezani mfundo yomaliza," anatero amake Esinati. "Lachisanu lililonse anawa akaweruka azikakutengani kulaibulale, azikuperekezani mpaka mutakwera minibasi ya ku Limbe. Ndipo kuyambira lero ine ndiwo zanga ndizithira mchere. Inu muziyang'ana."

Ndinalemba. Ndinasaina. Onse anasaina, mpaka mkamwini, maso ali ofiira.

Fayilo 41 inatenthedwa madzulo omwewo kuseri kwa nyumba. Ndinapempha kuti nkhani zina zofunika zipulumutsidwe, pempho linakanidwa. Ndiyenera kuvomereza kuti inayaka bwino kwambiri. Sipanafunike parafini. Aneba anatuluka kudzafunsa ngati tikuwotcha nyama.

Papita miyezi isanu tsopano. Tadala dzino analimata, masaya abwerera, ndipo akuti nthawi ya masamu tsopano ndiye amadzutsa ena. Sanafufume ngati mandasi, ndipo Esinati amandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse tikakumana. Jedeni ulendo woyamba wa ku Manja anabwerako kumpopi atanyowa thupi lonse, theka la chidebe litathera pamutu pake, koma pano akuti amanyamula ziwiri, ndipo atsikana a kumpopi amamudziwa dzina. Lachisanu amabwera awiriwo kudzanditenga, mmodzi uku wina uku, ngati apolisi. Tikamadutsa pa Kamba timayenda tsidya linalo, ndipo a Zuze amavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, monga amachitira anthu maliro akamadutsa. BP yatsika. Adokotala anandifunsa chimene ndasintha, ndinati ndachepetsa kuwerenga.

Koma Lachisanu lapitali Jedeni anali ndi mpira, anabwera Tadala yekha. Titafika pa Kamba anaima. Anayang'ana uku ndi uku.

"Agogo, kamodzi pateremu. Theka, tigawana. Popanda mchere, popanda nyama."

A Zuze anatsala pang'ono kulira. Tinadya titaimirira, ine ndi mdzukulu wanga, tikuseka ngati ana othawa sukulu, ndipo sindinadyepo tchipisi chokoma chotero chibadwire. Papepala panali nkhani ya bambo wina amene anagwetsa chikwama m'minibasi, ndipo inathera pamene kondakitala anangochitsegula kumene. Dzanja langa linayamba lokha kupinda pepalalo. Tadala analitsomphola n'kuliponya pamoto wa chiwaya.

"Sindinamalize nkhaniyo!"

"Anabweza chikwamacho, agogo. Tiyeni."

Mwanayo ndi wanzeru, umboni anauwononga wonse. Tinagwirizana kuti za tsiku limenelo zisamveke kwa wina aliyense, ndipo ine pakamwa panga sipanatuluke kanthu. Kungoti pano, pamene ndikuwerenganso zimene ndalembazi kuti ndikonze mipumiro, ndaona kuti ndalemba tsiku, malo, ndi katundu yemwe. Munthu wanzeru akadang'amba tsamba lomalizali.

Ndaliika m'fayilo 53, shelefu yachitatu, kumbuyo kwenikweni. Mphaka sangalipeze. Lilibe mafuta.